*404 ndi 504: Pijo imene inanyamula usipa wathu ndi iti?*

Lero za mitengo ya usipa tiziike pambali kaye. Ndikufuna tikambe za magalimoto awiri akale a ku France, Peugeot 404 ndi Peugeot 504, amene madala athu amangowatchula kuti Pijo. Nkhaniyi ndi yayitali, pezani pokhala. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo.

Mkangano wake ndi wakale. Kuno ku Chileka komwe ndikukhala, kapena pa Lirangwe pomwe madalaivala opuma amakhala pa khonde la sitolo kuwerenga magalimoto opita ku Zalewa, mukangotchula Pijo basi agawikana pawiri. Ena 404, ena 504, ndipo palibe wogonja. Ine mbali yanga ndinena poyambirira kuti musavutike kundifufuza. 504 imaposa 404 pafupifupi pa chilichonse chimene munthu wa ku Paris angayeze. Koma 504 imene inagwira ntchito kuno, imene inasenza madengu a bambo athu, mukaigwadira n'kuyang'ana pansi chakumbuyo mupeza kuti ndi 404 yovala malaya atsopano. Ndifotokoza.

Kampaniyi siinayambe ndi magalimoto. Banja la Peugeot, kum'mawa kwa France kufupi ndi malire a Switzerland, linkapanga masowo ochekera matabwa, tizigayo ta khofi, kenako njinga. Mkango umene mumauona pa boneti unayambira pa masowowo, kutanthauza mano akuthwa, ndipo anaulembetsa ngati chizindikiro chawo mu 1858. Nambala za ziro pakati anaziyamba ndi 201 mu 1929, ndipo amazichitira nsanje kwambiri: Porsche itatulutsa galimoto yotchedwa 901, a Peugeot anadandaula, dzina linasintha, n'chifukwa chake lero dziko lonse limadziwa Porsche 911. Fakitale yaikulu ili pa tauni ya Sochaux. Ndi kumeneko kumene 404 inatulukira mu 1960, thupi lake litajambulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Pininfarina. Ya makona, yoongoka, nyali ziwiri zozungulira, kumbuyo tizipsepse tiwiri ngati ta kampango.

Maonekedwewo si amene anaipatsa dzina kuno. Funsani makaniko aliyense wa imvi, ayamba ndi injini. Inali ya masilinda anayi, malita 1.6, yopendeketsedwa mbali imodzi kuti boneti itsike. Mabowo amene mapisitoni amathamangamo sanabooledwe pa buloko penipeni. Anali masilivu ovula ndi kuvala. Injini ikatopa, ikayamba kumwa oyilo n'kumafuka ngati ng'anjo yowambira mlamba, makaniko amazula masilivu anayi aja, kuika atsopano pamodzi ndi mapisitoni ndi maring'i ake, basi injini yabadwanso. Ntchito imeneyi imatheka pansi pa mtengo wa mango, osanyamula buloko kupita nayo ku makina m'tauni. Kwa munthu wa ku Makawa, ku Malindi kapena ku Chipoka, komwe galaja yeniyeni inali ulendo wa tsiku lathunthu, chimenechi chinali chachikulu kuposa liwiro.

Chachiwiri chili kumbuyo. Matayala awiri akumbuyo a 404 amalumikizidwa ndi ekiselo imodzi yolimba, chitsulo chochoka tayala ili kukafika tayala lija, difu ili pakati. Pa saluni, shafuti yochokera ku giyabokosi imayenda mkati mwa chipaipi, ndiye miyala ndi matope siziikhudza. Masipuling'i ake ndi aatali, tayala limatsika m'dzenje n'kubwerera thupi osagunda pansi. Steshoni wagoni inabwera mu 1962. Pikapu inabwera mu 1967, ya masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, yolembedwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi. Zimene inkanyamula kwenikweni apolisi a pamsewu a nthawi imeneyo ndi amene angachitire umboni.

Mbiri yake ku Africa inamveka chifukwa cha mpikisano wa East African Safari, umene unayamba mu 1953 ndipo unkazungulira Kenya, Uganda ndi Tanganyika nthawi ya Pasaka, mvula ili pakati. Ulendo wake unali pafupifupi makilomita 5,000, ngati kuchoka pa Mangochi boma kupita ku Blantyre maulendo oposa 20, usana ndi usiku, m'matope. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84. Anafika 7 okha. Patsogolo panali 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff a ku Kenya. Mu 1966 ndi 1967 anapambana Bert Shankland ndi Chris Rothwell ochokera ku Tanzania, pa 404. Mu 1968 Nowicki anabwereza, ndipo chaka chimenecho anamalizanso 7 okha. Kanayi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo magalimoto a mpikisanowu sankasiyana kwambiri ndi ogulitsa m'sitolo, ndiye wogula ku Nairobi, ku Salisbury kapena ku Blantyre ankadziwa kuti imene yapulumuka m'matope aja ndi yomweyi ali nayo pamaso.

Tsopano tiiike m'nthawi yathu. Kamuzu potera pa Chileka pa 6 July 1958, 404 kunalibe, yomwe inalipo ndi mkulu wake 403. Pofika pa ufulu wa 1964 inali ndi zaka zinayi. Ndi galimoto ya dziko lomwe phula linali lochepa kwambiri. Ndipo Chileka yomwe lero ena mumaiderera inali khomo la dziko lonse, mpaka ndege za kunja zinasamukira ku Lilongwe mu 1983. Lirangwe nayo ili pa njira yakale kuposa galimoto: katundu wa a Mandala wochokera kumunsi kwa Shire ankakwera mtunda kudzera pa Blantyre kutsikira ku Matope, kulambalala mathithi, kuti akakwerenso ngalawa zopita kunyanja kwathu. Njanji yopita ku Balaka ndi Salima imadutsanso pomwepa. Ndiye musadabwe kuti mwana wa msodzi akulemba za kuno. Njira ya kunyanja ndi yomweyi.

Pa Chileka pomwepa pankateranso ndege za WENELA zonyamula azibambo opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Francistown. Pa 4 April 1974 ndege yawo ina inagwa itangonyamuka ku Francistown kubwera kuno, anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo a Malawi obwerera kumudzi. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera m'zaka zochepa zotsatira. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma linalamula amalonda a chimwenye kuchoka m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi kupita m'mizinda, ndipo pochoka anapita ndi malole awo amene ankathandiza kunyamula katundu wa anthu. Mabasi anali a kampani imodzi, UTM, ndipo basi imayenda nthawi yake, siidikira kuti ngalawa zikocheze. Mmene ndimaonera ine, apa ndi pamene matola anakulira: amuna obwera ndi kandalama ndi luso la zitsulo, mpata wonyamula katundu uli pululu, pikapu yakale ili pa mtengo wofikirika. Dzina lomwelo likunena, matola, galimoto yotola aliyense ndi chilichonse.

Bambo anga sanakhalepo ndi galimoto. Anali ndi bwato, kenako gawo pa chilimira. Koma 404 ankaidziwa ngati m'bale, chifukwa tsiku limene siinabwere pa dooko, nsomba zinkatsika mtengo dzuwa lisanafike pamutu. Ankakonda kunena za giya yake ya pa chiwongolero. Poti pansi panalibe ndodo ya giya, mpando wakutsogolo unali benchi imodzi, ndiye ankakhalapo anayi: dalaivala, mwini katundu, mkazi wodwala wopita ku chipatala, ndi wina wongopanikizika amene ntchito yake inali kugwira chitseko.

504 inabwera mu nyengo ina. Inayenera kuonetsedwa chapakati pa 1968, koma mu May chaka chimenecho ophunzira ndi ogwira ntchito ku France anachita sitalaka yaikulu, mafakitale anatsekedwa, ndiye inatuluka mu September. Kuno 1968 ndi chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba anasowa, anzathu a ku Kachulu agogo anu akuuzani. Atolankhani a magalimoto a ku Ulaya anaisankha kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1969. Inajambulidwanso ndi Pininfarina: nyali za makona zooneka ngati maso okwiya, buti yotsetsereka ngati yathyoledwa. Injini inayamba ndi malita 1.8, mu 1970 inakwera kufika malita 2, masilivu ake ovula ndi kuvala ngati kale. Panalinso ya dizilo.

Chimene chinaipatsa mphothoyo ndi chakumbuyo. Pa saluni anachotsa ekiselo yolimba ija. Tayala lililonse lakumbuyo linayamba kuyenda palokha, lili ndi mkono wake ndi kashafuti kake ka majointi, difu atamangirira ku thupi. Mabuleki a disiki matayala onse anayi. Mipando yofewa moti munthu umagona usanafike pa Lunzu. Amene anakwerapo saluni ya 504 pa msewu wa mabampu amadziwa zimene ndikunena: tayala limodzi likagwa m'dzenje linzake silimva, galimoto imangoyandama ngati ngalawa pa nyanja ya bata. Apa 404 ilibe chonena. Ndipo musaganize kuti inali yofooka, inapambana Safari mu 1975 ndi Ove Andersson, ndipo mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambananso ndi 504 ya zitseko ziwiri ya injini ya V6.

Koma tiyeni tiikweze nsomba. Nsomba zathu zili mitundu iwiri pa nkhani ya mayendedwe. Usipa kapena utaka wouma wa pa thandala ndi wopepuka koma umadya malo, madengu amasanjikizana mpaka kupitirira denga, pamwamba pake pakhalenso eni ake. Chambo chachiwisi ndi cholemera, chimafuna ayisi, ndipo chimafuna kufika ku Limbe kusanatenthe, kaya mwadzera ku Liwonde ndi Zomba kaya ku Balaka, Zalewa ndi Lirangwe. Mitundu yonse iwiriyi kulemera kwake kumagwera pa matayala akumbuyo. Galimoto ya matayala oyenda paokha ikalemedwa imakhala pansi, matayala amatangadza ngati miyendo ya mwana wa matewe, amadyeka mkati, difu imayandikira miyala. Timalabala totchinga majointi tikang'ambika, fumbi limalowa, jointi imayamba kulira. Mabuleki a disiki akumbuyo akamwa matope amagwira. Zonsezi zimakonzeka, koma zimafuna sipeya yeniyeni, si za waya ndi chubu. Ekiselo yolimba ikalemedwa thupi limatsika koma difu imakhala pomwe inali, matayala ali chilili.

Izitu a Peugeot eni ake ankazidziwa. Potulutsa steshoni wagoni ya 504 mu 1971, kuphatikizapo Familiale ya mizere itatu ya mipando yokwana anthu 7, anabwezeretsa ekiselo yolimba, masipuling'i awiri mbali iliyonse, mabuleki a dilamu kumbuyo, monga zinalili pa wagoni ya 404. Mu 1973 anatulutsa saluni yotchipa, 504 L, nayonso ya ekiselo yolimba. Ndipo pikapu ya 504 siinaoneke mpaka 1979. Taganizani: kwa zaka 11 chitulukireni 504, munthu wofuna pikapu ya Peugeot ankagulabe 404. Itabwera pikapu yatsopanoyo, pansi pake panali ekiselo yolimba ndi masipuling'i osanjikiza, nzeru yomwe ija ya 1967. Ndiye madala a pa Lirangwe akamakangana, nthawi zambiri amakhala akukamba magalimoto atatu osadziwa. Wa 404 akunena pikapu. Wa 504 wina akunena saluni ya bwana wake wa ku ofesi, wina akunena wagoni kapena pikapu. Awiri mwa atatuwa ndi a mimba imodzi.

Pali zina zimene 504 ya ntchitoyo inaonjezeradi, tisazibise. Injini yaikulu inkakoka bwino pa zitunda za ku Machinga. Kabini inali yotakasuka. Wagoni ya Familiale inali ya ukwati, ya maliro, ya timu ya mpira yonse ndi mphunzitsi wawo. Abale athu a ku Mbare ndi ku Highfield ku Harare amadziwa ma ET, mataksi a wagoni za 404 ndi 504 amene ankanyamula anthu m'zaka za m'ma 1980, ena atakhala ku buti miyendo italukana, makombi asanabwere. Pa dzimbiri ndiye palibe wopambana. Nyanja yathu ilibe mchere, koma madzi a ayisi osakanikirana ndi a nsomba akamadontha tsiku ndi tsiku amadya pansi pa bodi mpaka munthu umaona msewu ukuthamanga pakati pa mapazi ako. Ine ndili mwana ndinakwerapo pikapu ya 504 yotero, pansi atayala matabwa a bwato lakale.

Ndipatuke pang'ono, poti dzina la Peugeot kuno lili ndi mbali ina yosaseketsa. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa Justice Mtegha amene anayamba mu 1994 anapeza kuti anaphedwa ndipo ngoziyo inali yopanga. Ndamvapo achinyamata ena akunena kuti galimotoyo inali 504. Inali Peugeot 604, yaikulu, ya akuluakulu a boma. Mukamafotokozera ana muzinena nambala yolondola.

Nanga anathera kuti? Amene anawatha anabadwa chaka chimodzi ndi 504. Toyota Hilux inatuluka mu 1968 momwemo. Mu 1970 Safari inatengedwa ndi Datsun, ndipo Datsun inabwerezanso mu 1971 ndi 1973. A ku Japan anaphunzira zomwezo, ekiselo yolimba, injini yosavuta, n'kuonjezerapo mtengo wotsika ndi masipeya opezeka paliponse. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala chapakati pa zaka za m'ma 1980, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo sipeya yochokera ku France inkafika yatopa. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyenda ndi msika, malonda anamasuka, ma minibasi anadzadza. Chomaliza n'chakuti ku Japan amayenda mbali ya kumanzere ngati ife, chiwongolero kumanja, ndiye magalimoto awo ogwiritsidwapo ntchito amangotsika pa doko la Dar es Salaam kapena Durban n'kulowa pa Songwe kapena pa Mwanza osasintha kanthu. Ya ku France yogwiritsidwapo ntchito chiwongolero chili mbali inayo. A Peugeot nawo anatembenukira kwina: 505 ya 1979 ndi yomaliza yokoka ndi matayala akumbuyo, zotsatira zake monga 405 zinali zokoka ndi akutsogolo, zopangidwira phula la ku Ulaya.

Komabe onani kukanika kufa kwake. Saluni ya 404 inasiya kupangidwa ku France mu 1975, koma ku Kenya ankalumikizabe pikapu yake mpaka 1991, zaka 31 chibadwireni. Onse pamodzi anapangidwa pafupifupi 2.9 miliyoni. Saluni ya 504 inatha ku Ulaya mu 1983, koma ku Kenya inapitirira mpaka 2004, ndipo ku Kaduna ku Nigeria mpaka 2006. Ena mwa inu munali mutabadwa kale, muli ku pulayimale, 504 yatsopano ikutulukabe mu fakitale.

Wina wa pa gulu lathu anandifunsa kumbali ngati agule pikapu ya 504 imene anaiona cha kuno, kuti azinyamulira usipa. Amwene, ngati mukufuna yoikonda, yoitsuka Lamlungu, gulani, ndidzabwera kudzakuthandizani kukankha. Ngati mukufuna ya bizinesi, ya ngongole ya banki m'khonde, ayi. Injini ya kabureta ya malita 2 imamwa petulo, ndipo mukudziwa mizere ya pa filing'i siteshoni mmene imakhalira. Pampu ya madzi ikafa mudzaimika galimoto sabata mukuimbira mafoni ku Lusaka ndi ku Harare, nsomba sizidikira. Amakaniko oidziwa bwino atsala owerengeka ndipo maso ayamba kuwavuta. Musapusitsidwenso ndi nkhani ija ya 504 ya 1977 ya pulezidenti wakale wa Iran, Mahmoud Ahmadinejad, imene inagulidwa pa okushoni mu 2011 ndi madola pafupifupi 2.5 miliyoni. Anagula dzina la mwini wake. Yanu ya pa Lirangwe wogula wake ndi wa sikelo.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mukapita kukaona galimoto iliyonse ya ntchito yathuyi, musayambe ndi wailesi ndi sikirini. Gwadani kumbuyo. Probox, imene inatuluka ku Japan mu 2002 ngati galimoto ya amalonda, ili ndi ekiselo yolimba kumbuyo pa masipuling'i opiringizika, ndipo n'chifukwa chake imapirira nkhanza zimene timaichita. Sienta inapangidwira mayi wa ku Osaka wopita ndi ana kusukulu, ife tikuikweza anthu 12 ndi madengu, kenako tikudabwa ikamakhula mimba pa bampu iliyonse ya pa Lunzu. Funsaninso kuti injini ikatopa imakonzeka kapena imangofuna ina yathunthu, poti zambiri za masiku ano makaniko amangoti tiitanitse ina.

Ma 404 ndi ma 504 amene atsala kuno ambiri ali kuseri kwa magalaja, atakhala pa njerwa, nkhuku zikuikira pa mpando wakumbuyo. Ogula zitsulo akuwatenga mmodzimmodzi, thupi amaliphwanya n'kuliyeza pa sikelo. Koma pali ziwalo ziwiri zimene sizifika pa sikelopo chifukwa zimakhala zitagulidwa kale. Ekiselo yakumbuyo amaitenga opanga ngolo za ng'ombe. Masipuling'i osanjikiza amawatenga osula, poti chitsulo chake chimagwira mano: amasulira zikwanje, nkhwangwa ndi kasemasema. Amene muli ndi agogo osema mabwato, kawafunseni kuti chitsulo cha kasemasema wawo chinachokera pa galimoto yanji, mundiyankhe pa gulu.